DISO LA MAKINA OPIMA MPWEYA LIKAFA, UTSI UKALI M'NYUMBA

Phunziro la zaumoyo la sabata ino likamba za mpweya umene mabanja a m'makomboni apuma, ndiponso za makina ang'ono-ang'ono amene masiku ano apima mpweyawo. Makina amenewa ali ndi diso mkati mwake. M'makina ena disolo ndi kamera yeniyeni, m'makina ena ndi kacipangizo kakang'ono komva kuwala. Diso limeneli limada, limakalamba, ndipo potsiriza limafa. Likafa, makina angathe kumaonetsa kuti mpweya uli bwino pamene nyumba yadzala ndi poizoni. Motero banja, sukulu kapena kiliniki imene ili ndi makina otere iyenera kudziwa m'mene diso lakufa lidziwikira, m'mene lisinthidwira, ndi zimene anthu ayenera kucita pa nthawi imene makina saona.

UTSI WA KU RUFUNSA NDI UTSI WA PA MBAULA

Munthu woyenda pa mseu wa Great East Road kucokera ku Chipata, akaoloka mlatho wa Luangwa ndi kukwera mapiri, adutsa m'boma la Rufunsa asanafike ku Chongwe ndi ku Lusaka. Boma la Rufunsa lili m'cigawo ca Lusaka, ndipo linapatulidwa ku Chongwe. M'mbali mwa mseu umenewu muoneka masaka a malasha ataimikidwa kudikira ogula. Malasha amenewa akwera malole ndi njinga, ndipo ambiri athera pa mbaula za ku Mtendere, Kalingalinga, Chawama, Kanyama, Matero ndi makomboni ena.

Thumba limodzi la malasha lifukiza anthu kawiri. Poyamba lifukiza woocha. Iye aunjika mitengo ya m'nkhalango za miombo, aikwirira ndi udzu ndi dothi, nayatsa uvuni umene oocha malasha amaucha cibili. Cibili cifuka masiku angapo usana ndi usiku, ndipo munthuyo akhala pafupi kutseka ming'alu kuti moto usabuke. Pa makilo 10 a nkhuni, kawirikawiri patuluka kilo imodzi kapena makilo awiri cabe a malasha. Zambiri zotsala zithera mu utsi ndi nthunzi, ndipo mbali ina ya utsiwo ilowa m'mapapo a mwini nchito ndi ana amene am'thandiza.

Kaciwiri thumba lomwelo lifukiza banja la m'tauni, makamaka amai ophika ndi mwana amene ali kumsana. Vuto limeneli linakula m'caka ca 2024. Mvula itakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilala ndi ngozi ya dziko lonse. Madzi a m'damu la Kariba anatsika kwambiri, ndipo kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa malaiti maola ambiri pa tsiku. Mabanja amene anali kuphikira pa sitovu ya magetsi anabwerera ku mbaula, ndipo ena anagula majenereta.

Kuwonjezera pa malasha, m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala moto wa m'thengo ndi fumbi zidetsa mpweya ku Rufunsa ndi madera ena a kumidzi. M'tauni muli utsi wa zinyalala zotenthedwa, wa mapulasitiki, wa matayala ndi wa magalimoto akale.

ADANI AWIRI A MU UTSI

Mdani woyamba ndi tufumbi tating'ono kwambiri timene madokotala amatucha PM2.5. Kafumbi kamodzi kacepa pafupi-fupi ka 30 kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Fumbi lalikulu likodwa m'mphuno ndipo munthu alimina. Tufumbi utu tudutsa mphuno, tufika pansi peni-peni pa mapapo, ndipo twina tulowa m'magazi. Tubweretsa cibayo kwa ana, tuutsa mphumu, ndipo pakapita zaka tubweretsa matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupi-fupi 3.2 miliyoni, ndipo mwa iwo ana osafika zaka 5 anapitirira 237,000. M'caka ca 2021 bungweli linatsitsa muyezo wa tufumbi tololeka. Tsopano pa tsiku limodzi sipayenera kupitirira mamaikulogalamu 15 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya, ndipo pa caka conse sipayenera kupitirira 5. Kale muyezowo unali 25 pa tsiku ndi 10 pa caka. M'khicini lotseka mmene mukuyaka nkhuni, ciwerengero cimeneci cingakwere kufika mazana angapo.

Mdani waciwiri ndi mpweya wochedwa carbon monoxide. Uwu ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo sutsokomoletsa. Utuluka pamene malasha, nkhuni, palafini kapena petulo ziyaka pa malo ocepa mphepo. Ukalowa m'thupi ugwira magazi mwamphamvu kuposa ka 200 kuyerekeza ndi okosijeni, conco ubongo ndi mtima zisowa mpweya wabwino. Tufumbi tupha pang'ono-pang'ono m'zaka zambiri, koma carbon monoxide ingaphe banja lonse usiku umodzi. Ngozi zimenezi zicuruka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene anthu alowetsa mbaula m'cipinda cogona ndi kutseka zitseko ndi mawindo.

Adani awiriwa apimidwa ndi makina osiyana. Makina opima tufumbi saona carbon monoxide, ndipo alamu ya carbon monoxide siwerenga tufumbi. Munthu wogula ayenera kufunsa ndi kuwerenga pa bokosi kuti adziwe cimene wagula.

MAKINA AONA BWANJI?

Njira yakale yopimira utsi ndi ya pepala loyera. Kapampu kakoka mpweya kudutsa pa pepala losefera, ndipo mwaye usiya banga. Banga likada kwambiri ndiye kuti utsi unali wambiri. Njira yotere ndiyo inali kugwira nchito ku London m'Disembala 1952, pamene utsi wa malasha a pansi unakuta mzindawo masiku asanu. Anthu pafupi-fupi 4,000 anafa m'masiku amenewo, ndipo ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti onse pamodzi angafike 12,000. Ngozi imeneyi inacititsa kuti dziko la Britain likhazikitse lamulo la mpweya wabwino m'caka ca 1956.

Masiku ano banga la pa pepala lingawerengedwe ndi kamera. Ku India, m'nchito yochedwa Project Surya, ofufuza anajambula mapepala osefera ndi kamera ya pa foni. Pambali pa pepalalo anaika kakhadi ka mitundu yodziwika, kuyambira yotuwa mpaka yakuda, kuti kompyuta iyerekeze bangalo ndi kakhadiko. Kamera ikacita nkhungu kapena kagalasi kake kakada, kuyerekeza konse kusokonezeka.

Makina ambiri ochipa a masiku ano alibe pepala. Mkati mwake muli kafani kamene kakoka mpweya, kuwala kwa laser kumene kudutsa mu mpweyawo, ndi diso lomva kuwala. Zimene zicitika mmenemo zifanana ndi zimene munthu aona m'nyumba ya mdima pamene dzuwa lalowera pa kabowo ka lata: fumbi liyamba kunyezimira m'kuwalako. Kafumbi kalikonse kakadutsa kaphethiritsa kuwala, diso liwerenga kuphethirako, ndipo makina asandutsa ciwerengeroco kukhala nambala ya PM2.5. Nambalayo ioneka pa kagalasi ka makina kapena itumizidwa pa intaneti.

Makina a mtundu umenewu apangidwanso muno mu Africa. Pa yunivesite ya Makerere ku Uganda pali nchito yochedwa AirQo, imene ipanga makina oyenerera fumbi ndi kuzima-zima kwa magetsi kwa kuno, ndipo aikidwa m'Kampala ndi mizinda ina ya mu Africa. Makina ena, monga a PurpleAir a ku America, ali ndi maso awiri, A ndi B, kuti limodzi licitire umboni linzake.

CIMENE CIMAPHA DISO

Makina amenewa apuma mpweya womwewo umene anthu apuma, usana ndi usiku, osapumula. Conco zimene zidwalitsa mapapo ndi zomwenso zidwalitsa diso la makina.

Mwaye ndi fumbi zimamatira pa kagalasi ndi m'njira ya mpweya. Nthunzi ya saladi wokazingira imamata kwambiri, ndipo fumbi likagwera pamenepo silicoka. Akangaude, nyerere ndi mphemvu zimalowa m'timabowo ndi kumanga mmenemo. Cinyezi ca m'nyengo ya mvula cimacititsa dzimbiri pa mawaya, ndiponso cimatupitsa tufumbi, motero makina amawerenga mopitirira. Kutentha kwa mu Okutobala kumafooketsa batire ndi laser, makamaka ngati makina apacikidwa pansi peni-peni pa malata. Magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pozima angathe kupsereza kamera kapena diso. Ngakhale popanda zonsezi, kafani ndi laser zili ndi zaka zake, ndipo pa malo a utsi wambiri zimatha msanga kuposa pa malo oyera.

ZIZINDIKIRO ZA DISO LODWALA

Wosunga makina, kaya ndi mphunzitsi, namwino kapena mwini nyumba, ayenera kukayikira akaona zinthu izi:

1. Nambala ikhala pa 0 kapena pafupi ndi 0 pamene utsi uoneka ndi maso ndipo anthu akutsokomola.

2. Nambala ikhala imodzi-modzi m'mawa, masana ndi madzulo. Mpweya wa m'komboni susunga muyezo umodzi. Umada m'mawa ndi madzulo pamene mbaula ziyaka, ndipo umayera masana.

3. Nambala ilumpha kufika pamwamba kwambiri popanda cifukwa, ndi kukhala pomwepo masiku ambiri. Kawirikawiri ndiye kuti kacilombo kapena ulusi wa kangaude wapingasa pa kuwala.

4. Maso awiri a m'makina amodzi asiyana kutali, lina liti 20, linzake liti 300.

5. Kafani kalira mokhwekhwereza kapena kangoti zii.

6. Pa makina a kamera, cithunzi cituluka cakuda, ca mizere, ca nkhungu, kapena pali banga limene silisuntha pa cithunzi ciriconse.

Pali kayeso kapafupi. Munthu ayatse macisa patali pang'ono ndi makina, awazimitse, ndipo alole kautsi kake kafike pa kabowo kolowera mpweya. Nambala iyenera kukwera m'kanthawi kocepa ndi kutsikanso. Ikapanda kusuntha, diso kapena kafani kafa. Makina asaikidwe pamwamba pa mbaula kapena kumbuyo kwa galimoto pofuna kuwayesa, cifukwa kutero ndi kuwapha.

Mwa zizindikiro zonsezi, coopsa kwambiri ndi coyamba. Nambala yokwera mwabodza iopseza anthu ndipo afulumira kufufuza. Nambala yotsika mwabodza iwagoneka tulo.

KUSINTHA KAMERA KAPENA DISO

Nchito imeneyi iyenera munthu wodziwa zamagetsi ang'ono-ang'ono, monga wokonza mafoni kapena mawailesi. Ngati makina ndi a sukulu, a kiliniki kapena a bungwe limene linawapereka, eni ake auzidwe poyamba, popeza kutsegula bokosi popanda cilolezo kungathetse pangano la wogulitsa. Komabe wosunga makina ayenera kudziwa ndondomeko yake kuti aone ngati nchito yagwirika bwino.

1. Ayambe ndi zapafupi. Aone ngati waya wa magetsi sunaduke, batire silinathe, ndiponso timabowo ta mpweya sitinatsekeke. Makina ambiri amene anthu amati afa amangofuna kupukuta kunja ndi kucotsa ukonde wa kangaude.

2. Alembe m'buku tsiku limene vuto linayamba kuoneka. Manambala onse a kuyambira tsikulo asakhulupiriridwe.

3. Agule cipangizo ca mtundu womwewo. Dzina ndi nambala yake zilembedwa pa cipangizo cakale. Kamera yofanana maonekedwe koma ya nambala ina ingathe kulowa bwino pa malo ake, koma iona mitundu mosiyana, ndipo makina apereka manambala olakwa.

4. Azimitse makina, azule waya ku magetsi kapena ku sola, ndipo acotse batire. Kuwala kwa laser kuononga maso a munthu, conco kabokosi kamene muli laser kasatsegulidwe. Kamasinthidwa kathunthu.

5. Agwire nchito pa thebulo loyera, m'nyumba yopanda utsi ndi mphepo ya fumbi, manja ali osamba ndi ouma. Asanagwire za mkati, akhudze citsulo cacikulu monga felemu ya windo, kuti magetsi obisika a m'thupi asapsereze cipangizo catsopano.

6. Asanazule kalikonse, ajambule mkati mwa makina ndi foni, kuti akumbukire pamene waya uliwonse unali. Tumisomali tomangira aziike m'kambale.

7. Kamera imalumikizidwa ndi kalamba kopyapyala kokhala ndi mawaya mkati. Kalamba aka kali ndi kotsekera kake kakang'ono. Kotsekerako katukulidwe poyamba ndi cikhadabo, ndipo kalamba kasololedwe mowongoka. Kukoka ndi mphamvu kuthyola polowera pake, ndipo pamenepo makina onse aonongeka. Nthawi zina kamera imakhala yabwino-bwino, kalamba ndiko kamene kanamasuka, conco ndi nzeru kukabwezera bwino ndi kuyesa makina asanataye kamera yakale.

8. Kamera yatsopano igwiridwe m'mbali. Cala cisakhudze kagalasi. Ngati pali kapepala ka pulasitiki koteteza kagalasiko, kamatulidwe potsiriza. Kamera ikhale molunjika ndi pa mtunda womwewo monga inaliri yakale.

9. Potseka bokosi, mphira wa m'mbali ubwerere m'malo mwake. Mphira ukapindika, madzi a mvula alowa, ndipo kuwala kwa kunja kusokoneza diso.

10. Batire ndi cipangizo cakale zisaponyedwe pa moto, m'cimbudzi kapena pa dzala pamene ana aseweretsa zinyalala. Zibwezedwe kwa wogulitsa kapena kwa eni makina.

Nchito sithera pa kutseka bokosi. Diso latsopano liyenera kuyesedwa, monga m'mene sikelo ya ku kiliniki ya ana iyesedwera ndi mwala wa kulemera kodziwika. Makina okonzedwa aikidwe pambali pa makina ena odalirika kwa sabata imodzi kapena awiri, ndipo manambala ake ayerekezedwe. Pa makina a kamera, kakhadi ka mitundu kajambulidwe kuti aone ngati kamera ikuona bwino. Tsiku losinthira lilembedwe m'buku ndi pa kapepala komata mkati mwa bokosi.

ALAMU YA M'NYUMBA SIKONZEDWA

Kwa banja la m'komboni, makina ofunika kwambiri ndi alamu ya carbon monoxide, kabokosi koyendera mabatire kamene kalira mpweya woipawo ukacuruka. Mkati mwake mulibe kamera. Muli kacipangizo ka mankhwala kamene kamatha mphamvu pang'ono-pang'ono, ngakhale alamu ikhale isanalirepo. Alamu zambiri zikhala zaka 5 mpaka 10. Tsiku lopangidwa kapena lothera nchito lilembedwa kumbuyo kwake. Tsikulo likakwana, alamu yonse isinthidwe. Kuika mabatire atsopano sikuukitsa kacipangizo kamene kafa.

Pa alamu pali batani loyesera. Batani limeneli lionetsa kuti batire ndi belu zili bwino, koma silitsimikiza kuti kacipangizo ka mkati kakali kumva mpweya. Ici ndico cifukwa cake munthu ayenera kucenjera ndi alamu zakale zogulitsidwa pamodzi ndi katundu wa salaula. Alamu yopanda tsiku lolembedwa isagulidwe. Alamu ikhale pafupi ndi pogona kuti ogona aimve, ndipo mabatire ake asazulidwe kuika mu wailesi kapena mu thoci.

NDANI AYANG'ANIRA MPWEYA M'ZAMBIA?

Nchito yoyang'anira mpweya wa kunja ili m'manja mwa bungwe la Zambia Environmental Management Agency, lodziwika kuti ZEMA. Linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la Environmental Management Act la 2011, kulowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Ndilo lipereka zilolezo kwa mafakitale ndi migodi, ndi kulandira madandaulo a anthu pa za utsi. Za kudula mitengo ndi kuocha malasha zili pansi pa dipatimenti ya za nkhalango, motsatira lamulo la Forests Act la 2015.

Anthu a ku Kankoyo m'tauni ya Mufulira anakhala zaka zambiri akupuma mpweya wa sulphur dioxide wocokera kosungunulira kopa, umene iwo amaucha senta. Ku Kabwe, mgodi wa mtovu unatsekedwa m'caka ca 1994, koma fumbi lake likali kudwalitsa ana. Pa malo otere, manambala olondola ndiwo umboni umene anthu angaimirire nawo pamaso pa akulu-akulu. Manambala ocokera ku diso lakufa athandiza woononga mpweya, cifukwa aonetsa ngati palibe mlandu.

Koma ZEMA silowa m'khicini ya munthu. Mpweya wa m'nyumba uli m'manja mwa banja lenileni.

BANJA LOPANDA MAKINA LICITE CIANI?

Mabanja ambiri alibe makina alionse, ndipo amene ali nawo akhala masiku ena makinawo atafa. Malamulo awa agwira nchito kwa onse:

Mbaula iyatsidwire panja, ndipo ngati kutheka kuphika kucitikire pakhonde kapena pa malo opita mphepo. Poyatsa asagwiritse nchito mapulasitiki, mphira kapena zidutswa za masilipasi.

Mbaula isagone m'nyumba. Anthu ambiri aganiza kuti malasha akafiira ndipo utsi waleka, ngozi yatha. Zimenezi si zoona. Malasha ofiira opanda utsi apitiriza kutulutsa carbon monoxide mpaka atazimiratu. Banja likaotha madzulo, windo likhale lotsegula, ndipo mbaula ituluke anthu asanagone. Bulangeti lina, juzi ndi masokosi ziteteza ku mphepo popanda ngozi.

Jenereta ikhale panja, kutali ndi mawindo ndi zitseko. Isayatsidwe m'cipinda, m'shopu yotseka kapena m'khonde lochingidwa, ngakhale poopa akuba.

Timabowo ta mphepo ta pamwamba pa khoma tisatsekedwe ndi nsanza kapena mapepala m'nyengo yozizira.

Mwana asakhale kumsana pamene amai akupemerera mbaula kapena akuphika pa nkhuni. Wina am'gwire patali. Amai apakati, nkhalamba, odwala mphumu ndi odwala cifuwa cacikulu akhale kutali ndi utsi.

Kuvundikira poto, kuviika nyemba usiku, ndi kugwiritsa nchito mbaula ya dothi mkati zicepetsa malasha. Malasha akacepa, utsi ucepa m'nyumba, ndalama zitsala, ndipo mitengo ya ku Rufunsa ipumako. Banja limene lingakwanitse gasi kapena magetsi licepetsa utsi koposa.

Oocha malasha aime ku mbali imene mphepo icokera, asagone pafupi ndi cibili, ndipo ana asatumidwe kufukula malasha.

MUNTHU AKAPEZEKA ATAFOOKA PAFUPI NDI MBAULA

Zizindikiro za carbon monoxide ndi mutu kuwawa, cizungulire, mseru, kusanza, kufooka miyendo, kusokonezeka maganizo ndi tulo tosadzutsika. Zifanana ndi malungo, ndipo ambiri amanyengeka. Cosiyanitsa ndi ici: anthu angapo ogona cipinda cimodzi adwala nthawi imodzi, ndipo apezako bwino akatuluka panja.

Wopeza ngozi yotere atsegule citseko ndi mawindo, atulutse odwala onse panja msanga, ndipo iye mwini asakhalitse m'cipindamo. Wokomoka amene akupuma agonekedwe camm'bali kuti asatsamwe ndi masanzi. Munthu wokomoka asamwetsedwe kanthu. Mkaka sucotsa poizoni ameneyu. Mankhwala ake ndi okosijeni wa ku cipatala. Onse amene anali m'cipindamo apite ku cipatala ngakhale aoneke kuti atsitsimuka, makamaka amai apakati ndi ana, ndipo anamwino auzidwe kuti m'nyumba munali mbaula kapena jenereta. A m'Lusaka ali ndi zipatala za Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata, ndiponso zipatala zazikulu za UTH ndi Levy Mwanawasa. A ku Rufunsa ali ndi cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya ndi makiliniki a m'dera lao.

Kwa ana, makolo ayang'anire cibayo. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, kapena wa caka cimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kupitirira, apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati popuma, mwana akukana kuyamwa, kapena akugona mosadzutsika, makolo asadikire kuti kuce.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA BANJA NDI M'MAKALABU A ZAUMOYO

1. Kodi adani awiri a mu utsi ndi ati, ndipo asiyana bwanji pa kapwetekedwe kao?

2. Cifukwa ciani nambala yotsika mwabodza ndi yoopsa kuposa yokwera mwabodza?

3. Kodi ndi zinthu ziti zoyenera kucita asanatsegule bokosi la makina, ndi ziti zoyenera kucita atalitseka?

4. Kodi batani loyesera la pa alamu lionetsa ciani, nanga silionetsa ciani?

5. Kodi mbaula ya pa banja lino igona kuti m'mwezi wa Juni?

Makina osamalidwa bwino, amene diso lake lisinthidwa pa nthawi yake ndi kuyesedwa, ndi mlonda wabwino wa sukulu, kiliniki ndi banja. Koma pa tsiku limene makina akayikitsa, banja licite monga kuti mpweya ndi woipa: mawindo atseguke, ana akhale kutali ndi utsi, ndipo mbaula igone panja.